Kuchokera ku Biebrich Kufika M'manja mwa Mwana wa Sukulu: Mbiri ya Bassoon

Mwana wa sukulu akalowa m'sitolo ya zida zoimbira ku London kapena ku Chicago kukafuna bassoon yake yoyamba, amaona ngati wapatsidwa zambiri zoti asankhepo. Pa chida china palembedwa Fox, pa china Schreiber, pa china Adler, Moosmann kapena Amati. Ndalama zake n'zosiyana, utoto wake n'ngosiyana, ndipo wogulitsa aliyense amatama chake. Koma akayala zala pa mabowo ndi pa makiyi, amapeza kuti zida zonsezo ndi za mtundu umodzi. Pafupifupi bassoon iliyonse yogulitsidwa kunja kwa France lero inatengera chida chimene anthu awiri anayamba kupanga mu 1831 m'katauni ka Biebrich, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany. Zambiri zimene mwanayo akuganiza kuti akusankha yekha zinagamulidwa kale ndi amisiri, ndi atsogoleri a magulu oimba, ndiponso ndi nkhondo.

Bassoon ndi chitoliro chachikulu cha mtengo. Mpope wake ukanawongoledwa bwenzi utatalika mamita awiri ndi theka, koma anaupinda pawiri, moti chidacho chikaimikidwa chimafika pafupifupi mita 1.3. Chakumtunda kumatuluka kampope kachitsulo kokhota kotchedwa bocal, ndipo kunsonga kwake amalowetsako timabango tiwiri topalidwa bwino, tomangidwa pamodzi ndi waya ndi ulusi. Timabangoti ndi timene timanjenjemera munthu akauzira mpweya. M'gulu la orchestra, bassoon ndiyo imagwira besi ndi tenala pakati pa zitoliro za mtengo. Amene anamverapo nthano ya Peter and the Wolf, imene Sergei Prokofiev analemba mu 1936, mawu ake akuwadziwa: agogo aamuna olongolola aja ndi bassoon.

Kholo lake linali dulcian ya m'zaka za m'ma 1500, imene Angerezi ankaitcha curtal. Mmisiri ankatenga chipika chimodzi n'kuboola mabowo awiri aatali oyandikana, okumana pansi. Choboolera chikangopatuka pang'ono, chipika chonse chinali chatayika. M'zaka za m'ma 1600, amisiri a ku France a m'nthawi ya mfumu Louis XIV anayamba kupanga chidachi m'zigawo zinayi zolumikiza, ndipo olemba mbiri ambiri amatchula banja la Hotteterre pa kusinthaku. Bassoon ya masiku amenewo inali ndi makiyi atatu kapena anayi basi, komabe Antonio Vivaldi wa ku Venice anailembera ma concerto 39, ndipo Mozart analemba yake mu 1774 ali ndi zaka 18. Mpaka lero munthu wofunsira ntchito yoliza bassoon mu orchestra sazemba concerto ya Mozart imeneyi.

Wophunzira wa nthawi ya Vivaldi ndi Mozart analibe chosankha. Ankalowa m'manja mwa woimba wa mumzinda kapena m'bandi ya asilikali, n'kuliza chida chimene mbuye wake wamupatsa, chopangidwa ndi mmisiri wapafupi. Mzinda uliwonse unali ndi kakwezedwe kake ka mawu, ndiye chida chogulidwa kutali chikanatha kusemphana ndi gulu lonse.

Vuto lalikulu la bassoon yakale linali dzanja la munthu. Mpope wautali chotero umafuna mabowo otalikirana, koma zala sizingatambasuke kufika pamenepo. Amisiri ankaboola mabowowo mopendeka, kuti kunja ayandikane pomwe mkati atalikirana, ndipo nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito. Ngakhale anatero, mabowo ena ankakhalabe pamalo olakwika. Liwu lina linkatuluka lomveka bwino, lotsatira lake lotsamwitsidwa, lina lokwera mopitirira muyeso, ndipo woliza ankachita kulimbana nalo ndi milomo.

Carl Almenräder, wobadwa mu 1786, anali woliza bassoon waluso amene zimenezi zinamutopetsa. Ku Mainz anadziwana ndi Gottfried Weber, loya amene ankafufuza za kayendedwe ka mawu m'zitoliro, ndipo kuyambira 1817 anapatsidwa mpata woyesa maganizo ake m'fakitale ya Schott. Anasuntha mabowo, ena anawakulitsa, ndipo pomwe chala sichikanafika anaikapo kiyi. Mu 1823 anasindikiza kabuku kofotokoza bassoon ya makiyi 15. Pa fakitale yomweyo panadzafika mnyamata wochokera ku Adorf, m'dera la Vogtland, dzina lake Johann Adam Heckel. Mu 1831, Heckel asanakwanitse n'komwe zaka 20, awiriwa anatsegula fakitale yawoyawo ku Biebrich, kumene Almenräder ankaimba m'gulu la kunyumba ya mfumu ya dera la Nassau. Anasiyana mu 1838, Almenräder anamwalira mu 1843, ndipo dzina limene linatsala pa chidacho ndi la Heckel.

Si onse anakondwera poyamba. Oimba ena anadandaula kuti mawu alinganadi, koma kukoma kwake kwachepa. Zinatengera banja la Heckel zaka makumi angapo, bambo kenako mwana wake Wilhelm, kupala ndi kuyesanso mkati mwa mpope mpaka kukomako kutabwerera. Richard Wagner, amene anakhala ku Biebrich mu 1862 akulemba Die Meistersinger, anadziwana ndi banjali ndipo ankatsatira ntchito yawo mwachidwi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, Wilhelm Heckel anachita chinthu chimene wogula aliyense amapindula nacho osadziwa: anakuta ndi labala wolimba mkati mwa chigawo chimene mpweya wonyowa umayambira kudutsa, kuti mtengo usaole. Mu 1887 Julius Weissenborn, woliza bassoon wamkulu wa gulu la Gewandhaus ku Leipzig, anatulutsa buku lake lophunzitsira, ndipo bukulo, lokonzedwanso kangapo, likupezekabe m'zikwama za ophunzira. Kuyambira pamenepo chida cha Chijeremani ndi buku lake zinkafika limodzi m'manja mwa mphunzitsi.

A ku France anadzera njira ina. Iwo sanagwetse chida chakale kuti amange chatsopano, ankangochikonza pang'onopang'ono ndi kuwonjezera makiyi. Amisiri monga Savary ndi Triébert, pamodzi ndi Eugène Jancourt amene ankaphunzitsa ku Paris Conservatoire, ndiwo anaumba bassoon imene kampani ya Buffet-Crampon inafalitsa. Mpope wake ndi wopapatirako, kawirikawiri amaupanga ndi mtengo wa rosewood, mawu ake ndi opyapyala ndi akuthwa, ndipo imakwera pamwamba mosavutirapo. Pa 29 Meyi 1913, ku Théâtre des Champs-Élysées ku Paris, Le Sacre du printemps ya Igor Stravinsky inayamba ndi bassoon imodzi ikulira pamwamba penipeni. Inali ya Chifalansa. Nthawi imeneyo mtundu umenewu ndi umene unkamveka ku France, ku Belgium, ku Spain, ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku South America.

Ku Britain zinthu zinayambira kutembenuka ku Manchester. Hans Richter atayamba kutsogolera Hallé Orchestra mu 1899, anaitanitsa oliza bassoon awiri ochokera ku Vienna, onse a zida za Chijeremani. Anakonzanso zoti mwana wa ku England aphunzire mtunduwo mwaulere pa Royal Manchester College of Music, ndipo amene anapata mwayiwo mu 1904 ndi Archie Camden, mnyamata amene anali asanalizepo bassoon. Camden anadzakhala woliza wamkulu wa Hallé, kenako wa BBC Symphony Orchestra, ndipo chimbale chake cha concerto ya Mozart cha m'zaka za m'ma 1920 chinamveka kutali. Mu 1930 New York Philharmonic inafika ku London ndi Arturo Toscanini, oliza ake atanyamula zida za Chijeremani, ndipo oimba a ku London anadzimvera okha mmene mawuwo ankalowererana ndi gulu lonse. Pasanapite zaka zambiri ambiri anali atasintha. Cecil James ndi mmodzi mwa ochepa amene anakakamira chida cha Chifalansa mpaka kupuma ntchito.

Kusinthako sikunali masewera. Kayalidwe ka zala ndi kosiyana, timabango ndi tosiyana, ndipo munthu wamkulu ankabwerera kukhala wophunzira. Zifukwa zake zinali zomveka: Heckel ndi yolingana, ndi yamphamvu, imajambulika bwino, ndipo atsogoleri a magulu amene ankayenda dziko ndi dziko ankafuna kumva mawu omwewo kulikonse. Komabe n'zodandaulitsa kuti nyimbo za Ravel ndi Debussy lero zimalizidwa pafupifupi kulikonse ndi chida chimene eni akewo sankachiganizira polemba. Makamaka ku France ndi kumene mwana amayambabe ndi funso la mtundu, popeza masukulu a nyimbo kumeneko amaphunzitsa mitundu yonse iwiri.

Koma Heckel yeniyeni sinakhalepo ya ana a sukulu. Fakitale ya ku Biebrich imapanga zida zochepa pachaka, ndi manja. Wofuna yatsopano amalembetsa dzina n'kudikira zaka zambiri, ndipo ndalama zake ndi madola zikwi makumi angapo. Oimba akuluakulu amalimbirana ngakhale zakale, makamaka za m'zaka za m'ma 1930 zokhala ndi manambala a m'ma 7000 ndi 8000. Zida za anthu wamba zinkachokera kwina, kumapiri a m'malire a Saxony ndi Bohemia, kumene midzi yathunthu inkadyera kupanga zoimbira. Tsidya la Germany kunali Markneukirchen, Klingenthal ndi Adorf, kwawo kwa Heckel yemweyo. Tsidya la Bohemia kunali Graslitz. Kohlert anayamba ku Graslitz mu 1840, Oscar Adler ku Markneukirchen mu 1885, Vinzenz Püchner ku Graslitz mu 1897. Onsewa anatengera kayalidwe ka Heckel n'kumagulitsa pa mtengo umene bandi ya tauni kapena sukulu ikanakwanitsa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inamwaza zonsezi. Itatha mu 1945, boma la Czechoslovakia linathamangitsa anthu olankhula Chijeremani, ndipo amisiri ambiri a ku Graslitz anali omwewo. Mafakitale awo analandidwa n'kuphatikizidwa pansi pa dzina la Amati, ndipo tauniyo lero imadziwika kuti Kraslice. Othamangitsidwawo anawoloka malire ndi katundu wochepa, makina ndi matabwa owuma atatsala kumbuyo. Wenzel Schreiber anayamba kupanga zitoliro ku Nauheim, kufupi ndi Frankfurt, mu 1946. Banja la Püchner linafika ku Nauheim komweko mu 1948. A Kohlert anakakhazikika ku Winnenden, kufupi ndi Stuttgart. Markneukirchen inagwera ku East Germany, kumene mafakitale a Adler ndi Mönnig analowa m'manja mwa boma, ndipo zida zawo zinkatumizidwa kumadzulo motchipa kuti dziko lipeze ndalama zakunja. Masukulu ambiri a ku Britain anadzaza makabati awo ndi zida zochokera ku Nauheim, ku Markneukirchen ndi ku Kraslice, ndipo mibadwo iwiri ya oliza bassoon inayambira pa zimenezo.

Mbiri imeneyi imamukhudza wogula wa lero mwachindunji, chifukwa ophunzira ambiri amagula chida chogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo dzina lolembedwa pa chidacho silinena zonse. Kohlert ya ku Graslitz nkhondo isanayambe si Kohlert ya ku Winnenden. Kampani ya ku Winnenden inagwa m'zaka za m'ma 1960, dzina linasintha manja, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ntchitoyo inapitirizidwa ndi banja la Moosmann, limene lero limapanga zida m'dzina lake ku Waiblingen. Adler ya m'nthawi ya East Germany si Adler yopangidwa dziko litagwirizananso mu 1990. Schreiber nayo inagulidwa ndi Buffet Crampon mu 2010, ndipo imapangidwa ku Markneukirchen. N'chifukwa chake mphunzitsi wodziwa amayamba wafunsa nambala ya chidacho, kuti adziwe chaka ndi malo amene chinapangidwira.

Ku America nkhani inayenda ndi munthu mmodzi. Hugo Fox anali woliza bassoon wamkulu wa Chicago Symphony Orchestra kuyambira 1922 mpaka 1949. Atapuma ntchito anabwerera kwawo ku South Whitley, katauni ka alimi ku Indiana, n'kuyamba kupanga zida pa famu ya makolo ake. Zoyamba zinatuluka mu 1951, ndipo zinali khumi ndi ziwiri zokha. Mwana wake Alan, amene anaphunzira uinjiniya wa makemikolo, anatenga udindo mu 1960, ndipo posakhalitsa kampaniyo inayamba kuumba ma bassoon a pulasitiki ya polypropylene. Akatswiri ena anaipidwa nazo, koma masukulu a ku America anali ndi mabandi ochuluka, ndipo chida cha sukulu chimazunzika: chimagwetsedwa, chimaiwalika m'basi, chimabwezedwa m'bokosi chisanapukutidwe. Pulasitiki siola ndiponso sifufuma ndi chinyezi. Pambuyo pake Fox inatulutsa gulu la zida za ophunzira lotchedwa Renard, momwe muli za pulasitiki monga 41 ndi za mtengo monga 220, 222 ndi 240. Ambiri amene lero akuimba m'magulu otchuka a ku America anayambira pa chimodzi mwa zimenezi.

Panatsala vuto lakale lija la dzanja, koma tsopano dzanja la mwana. Chala chachikulu chakumanzere chokha chimayang'anira makiyi asanu ndi anayi kapena kuposerapo, ndipo chala chachitatu chimafunika kutambasuka kuti chitseke bowo lake. Kale mwana ankayamba ndi clarinet kapena chida china n'kudikira kuti akule. Opanga zida anayankha ndi mitundu ya manja aafupi, monga Renard 51, pomwe bowo lakutalilo analiikira kiyi yofikirika. Ku Germany, Guntram Wolf wa ku Kronach anatsitsimutsa tima bassoon tating'ono, timene tinalipo kale m'zaka za m'ma 1700, kuti ana a zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu ayambirepo. Makolo amayenera kudziwa kuti kachida kotere mwana amakakulira msanga, ndiye n'chanzeru kukabwereka m'malo mokagula.

Mtengo umene amasema bassoon ya Chijeremani ndi maple, makamaka wa kumapiri a ku Europe ndi wa ku North America, ndipo opanga odziwika amauumika zaka khumi kapena kuposerapo asanauboole. Phingo wa ku Mozambique ndi ku Tanzania, amene amapita ku Europe kukapangira ma clarinet ndi ma oboe, sagwira ntchito pano: ndi wolemera kwambiri, pomwe bassoon ya maple ikupitirira kale makilogalamu atatu ndipo woliza amachita kuikoleka pa lamba. Koma maple ndi wofewa ndipo amamwa madzi. Nthunzi ya m'kamwa imatsikira kunsi kwa chida, pomwe mipope iwiri ija imalumikizana ndi kachitsulo kokhota, ndipo woliza akamanyozera kupukuta, mtengo umayamba kuolera pamenepo. Wokonza zida akapatsidwa bassoon yakale amayamba wavula chivundikiro chakunsiko n'kuyang'ana ngati mtengo wada kapena wafewa. Kukonza malo amenewo kumatha kudya ndalama zoposa zimene munthu anapulumutsa pogula chakale.

Chachiwiri, amayesa ngati chidacho chikutaya mpweya. Kiyi iliyonse imatseka bowo lake ndi kachikopa kofewa, ndipo kachikopa kamodzi kokha kakauma kapena kupendeka, mawu akunsi amakana kutuluka. Chachitatu ndi bocal. Kampope kameneka kamabwera m'manambala, kawirikawiri 1, 2 ndi 3, ndipo nambala ikamakula kamatalika, mawu n'kutsika. Zimenezi zimathandiza chifukwa magulu a ku Britain ndi ambiri a ku America amakwezera A wawo pa 440, pomwe a ku Germany ndi ku Austria amafika pa 442 kapena 443. Bocal yopindika kapena yong'aluka imaononga chida chabwino, ndipo aphunzitsi ambiri amalangiza kuti wophunzira amene wayamba kukhwima agule bocal yabwino, mwina ya Heckel, asanaganize zosintha chida chonse. Pa makiyi, imene siyenera kusowa ndi yotseka kabowo ka pa bocal, pomwe ya D wapamwamba imayamba kufunika wophunzira akafika pa nyimbo zovuta. Zina zambiri zowonjezera zimangokweza ndalama ndi kulemera.

Timabango ndiye ndalama yosatha. Amatipala kuchokera ku bango la Arundo donax, ndipo lotchuka kwambiri limalimidwa m'dera la Var kummwera kwa France. Kabango kamodzi kamatha pa milungu yowerengeka, n'chifukwa chake oliza ambiri amaphunzira kudzipalira okha.

Bassoon yatsopano ya wophunzira yochokera kwa opanga odalirika imagulidwa madola zikwi zingapo, kuposa kutali clarinet kapena chitoliro chachitsulo cha wophunzira. Apa ndi pamene zida zotchipa kwambiri zogulitsidwa pa intaneti, zambiri zopanda dzina la fakitale lodziwika, zimakopera makolo, ndipo maganizo amakhala akuti mwana akadali woyamba, chilichonse chimukwanira. Maganizo amenewa ndi olakwika. Katswiri akapatsidwa chida chotaya mpweya amadziwa kuti vuto ndi chida, ndipo amadziwa kulizemba. Mwana wa zaka 12 sadziwa. Liwu likakana kutuluka amati wolephera ndi iye, amauzira mwamphamvu, amaluma bango, n'kuzolowera zizolowezi zimene mphunzitsi adzavutike kuchotsa, kapena amangosiyiratu. Okonza zida ambiri amakananso kugwira zida zoterezi, chifukwa chitsulo chake n'chofewa ndipo zosinthira sizipezeka. Renard, Schreiber kapena Adler yakale imene wokonza waiyendera, ndipo mphunzitsi wailiza kuyambira liwu lotsikitsitsa mpaka pamwamba, imaposa chida chonyezimira chosadziwika kwawo, ndipo mwana akaikulira imagulitsikanso pa ndalama zabwino.

Kukwera mtengo kumeneku kwachepetsa ophunzira m'mayiko angapo. Mu 2015 Holland Festival ku Amsterdam inayambitsa kampeni yotchedwa Save the Bassoon, motsogozedwa ndi woliza wa ku Netherlands Bram van Sambeek, poopa kuti magulu oimba adzasowa olowa m'malo mwa amene akupuma. Ku Britain ndi ku America masukulu, magulu a achinyamata ndi masitolo ena amabwereketsa zida kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo aphunzitsi ambiri salola makolo kugula mpaka mwana atasonyeza kuti apitiriza ndiponso manja ake atakula mokwanira chida chachikulu.